Gin wotcheza: ntchito yonse ili pamphika wamkuwa

Si botolo lililonse lolembedwa kuti gin lomwe mowa wake unalowa mumphika pamodzi ndi zokometsera. Lamulo la European Union la 2019 limagawa gin patatu. Gin wamba ndi mowa wopanda fungo umene angouthira fungo la juniper (tizipatso ta mtengo wofanana ndi mkungudza), mwinanso ndi la zokometsera zina, osautchezanso. Distilled gin ndiye wotcheza kachiwiri: amatenga mowa wa mphamvu ya 96 peresenti, wochokera ku tirigu, chimanga kapena nzimbe, n'kuutchezanso pamodzi ndi zipatso za juniper ndi zomera zina. London gin ndi yemweyu koma malamulo ake ndi okhwima: fungo lonse lichokere mumphika, utoto ayi, shuga asapitirire magalamu 0.1 pa lita. Atatu onsewa m'botolo asatsike pa 37.5 peresenti. Hendrick's wa ku Scotland amamuthira fungo la nkhaka ndi maluwa a rozi atatcheza kale, n'chifukwa chake sangatchedwe London gin, ngakhale kuti si wachabe ayi.

Otcheza asanayatse moto, mowa uja amauthira madzi kuti utsike kufika pakati pa 50 ndi 60 peresenti. Madziwa ndi amene amatsala pansi mowa ukauluka, ndipo akachepa zokometsera zimapserera, gin yense n'kumanunkha utsi. Pa lita iliyonse, otcheza ambiri amaika magalamu 20 mpaka 35 a zokometsera zonse pamodzi. Juniper ndiye wochuluka, njere za coriander zimakhala pafupifupi theka la juniper, muzu wa angelica gawo limodzi mwa magawo khumi, makoko a mandimu kapena malalanje pang'ono chabe. Khoko lisendedwe mopyapyala, chifukwa choyera cha m'kati chija sichiwonjezera fungo lililonse labwino. Kuchulutsa mitundu sikukometsa gin: gin wa Tanqueray amadziwika ndi zinayi zokha, juniper, coriander, angelica ndi muzu wotsekemera wa liquorice.

Njira zilipo ziwiri. Opanga gin wa Beefeater amaviika zokometsera mumowa kwa maola 24 asanatcheze, ndipo fungo limatuluka lolemera. Bombay Sapphire saviika, amaika zokometsera m'dengu lamkuwa kuti nthunzi ya mowa izidutsamo, gin n'kutuluka wopepuka.

Luso lenileni lili pa kudula, kutanthauza kulekanitsa mowa woyamba kutuluka (mutu), wapakati ndi wotsiriza (mchira). Otcheza kachasu amalemekeza mutu chifukwa cha ukali wake, koma wa gin mutu amauika padera. Madontho oyambawo amatsuka zotsalira za m'mapaipi ndiponso amadzaza ndi mafuta a juniper obaya pakhosi. Zikatero fungo limabwera motsatana: la mandimu limatsogola, juniper ndi coriander pakati, mizu pambuyo. Moto uzikhala wofatsa. Ukakula, nthunzi imathamanga, mafungo onse amatulukira pamodzi ndipo palibenso podula. Mphamvu ya mowa wotuluka ikatsika kufika cha m'ma 60 peresenti, mphuno izikhala tcheru, poti kumchira kumayamba kununkha ngati masamba owiritsa. Apa m'pamene umbombo umawonongera ambiri: lita imodzi yomwe wakakamira kuti isatayike imaipitsa mgolo wonse.

Wapakati uja amakhala pafupifupi pa 80 peresenti, ndiye amamutsitsa ndi madzi ochotsedwa mchere. Malita 10 a 80 peresenti amapereka pafupifupi malita 18.6 a 43 peresenti, koma masamu okha sakwanira popeza mowa ndi madzi zikasakanizana zimachepako. Pimani ndi hydrometer, chipangizo choyezera mphamvu ya mowa, mowawo uli pa madigiri 20 Celsius.

Vuto lodziwika pa sitepe imeneyi ndi loti gin amachita mbuu. Mafuta a juniper ndi a makoko amasungunuka mumowa waukali, koma madzi akachuluka amalekana nawo. Kuthira madzi mothamanga ndi kuzizira zimakulitsa vutoli. Thirani madzi pang'onopang'ono mukutakasa. Zikakanika, onjezerani mowa wopanda fungo wa mphamvu yofanana mpaka ayere, ndipo ulendo wotsatira dulani mutu wokulirapo kapena chepetsani makoko. Ena amasefa gin atamuziziritsa, koma sefayo imachotsa mafuta omwewo amene munavutikira kuwaika m'botolo.