Sabata yonse kudikira thankala

Lolemba ndafika pa depoti ku Luwinga 7 koloko, kamvula ka Mzuzu kaja kongowaza osaleka, thanki ya gasi yatsala pang'ono kuuma. Thankala yathu inali idakali pa boda ya Songwe kuchokera ku Dar, dalaiva foni osayankha. Tsiku lonse ntchito inali youza anthu kuti mubwere mawa.

Lachiwiri ndiye linandiwawa. Kunabwera mayi ena a ku Chiputula ndi silinda ya 6 kg, ndalama zili mmanja, katsala kagasi kokwana ndithu koma silindayo ndi ya kampani ina ndipo abwana anatiletsa kuthira zoterozo. Ndinati pepani mayi, pitani kwa eni ake. Iwo amvekere, "Kumenekonso yatha achimwene, nde ndibwelere ku makala eti?" Ndinangoyang'ana sikelo.

Lachitatu abwana ananditumiza ku wekishopu ya za msika wa gasi, ine ndimatsata lanchi basi kunena zoona, koma nkhani inandigwira. Amakamba za gasi wa mmapaipi uja wochokera pansi, osati LPG, gasi wathu wa mmasilindayu. Ku Britain kale kampani imodzi, British Gas, ndi yomwe imagula, kunyamula ndi kugulitsa. Boma linaigulitsa mu 1986 koma zinthu sizinasinthe msanga poti paipi inali yake yomweyo, wina ofuna kugulitsa adutsira kuti? Mu 1997 inagawika, ogulitsa kukhala Centrica, mapaipi kupita kwina, ndipo pofika 1998 khomo lililonse limatha kusankha kogula. Ku America anachita zangati zomwezi mu 1992, a EU anakhwimitsa mu 2009: mwini paipi asamakondere gasi wake, aliyense adutsitse polipira mtengo umodzi oikidwa ndi oyang'anira. Mkulu wina kumbuyo anati aaa si zomwe zinachitika pogawa ESCOM ndi EGENCO mu 2017 izi, tonse tinaseka koma samanama.

Ife paipi tilibe, anzathu a Tanzania ali nayo yochoka ku Mtwara kukafika Dar kuyambira 2015. Nde ndili pa kabaza pobwelera ndimaganiza kuti paipi yathu ndi silinda ija, ndi thanki, ndi thankala. Mtengo amalengeza a MERA, chabwino, koma munthu akagula silinda ya kampani imodzi wakwatiwa nayo. Mbali inayi ndimaimvanso, silinda imafuna kuyezedwa ndi kukonzedwa, ikaphulika ofunsidwa ndi mwini dzina, nde sungangoti aliyense azithira mwachisawawa.

Thankala inafika Lachinayi usiku. Lachisanu mzere mpaka pa geti, ine ndi kabotolo ka madzi a sopo kupaka pa valavu iliyonse kuona ngati ikuchita thovu, ziwiri ndinabweza. Mayi aja ndinawayang'ana pa mzere mpaka potseka, sanabwere.