Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Agogo othawa nkhondo yomwe inatha

M'gawo lapitali ndinakusiyani nditangolembedwa ntchito pa kabungwe kosamalira okalamba odwala matenda oiwalaiwala ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia kuno ku Mozambique. Ofesi yake inali chipinda chimodzi, tebulo, ndi njinga yamoto yoliza mochita kukankha. Ntchito yanga inali yokafuna anthu odzipereka m'midzi ya ku Angónia.

Ndinayamba mwaukalaliki. Ndinapempha amfumu ena aitanitse msonkhano, ine n'kufika ndi mapepala. Ndinafotokoza kuti awa ndi matenda a ubongo, kuti odwala ambiri ali ndi mtundu wotchedwa Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany amene anaufotokoza mu 1906, ndiponso kuti mankhwala ochiritsiratu kulibe. Nditamaliza, mnyamata wina anakweza dzanja.

"Mana, nanga subsidiyo ndi ingati?"

Ndinati palibe. Pa anthu 30 amene analembetsa, sabata yotsatira anabwera anayi. Sindinawakwiyire. Tinazolowera kuti bungwe likabwera pamakhala sikipa, kapu ndi kametikali ka nkhomaliro, ndipo nyengo yokumba kachewere munthu sataya tsiku pachabe.

Tsiku lina mwezi wa June, kuzizira kuja kwa kwathu kolowa m'mafupa, foni inalira kusanache. Agogo ena anali atapezeka mbandakucha m'mbali mwa msewu wopita ku Calómuè, opanda nsapato, mtolo uli pamutu. Pofika ine anthu anali atawazinga. Ndinamva mawu amene ndinakula nawo: mfiti yagwa, lichero lathera mafuta m'njira. Ena anali atatola kale miyala. Chinawapulumutsa n'chakuti bambo wina woyendetsa njinga yonyamula anthu anawazindikira, naima patsogolo pawo n'kutchula mudzi wawo ndi mwana wawo.

Mu mtolo muja munali poto, chitenje ndi ufa pang'ono. Agogowo ankangobwereza kuti, "Akubwera, tiyeni ku Dedza." Mwana wawo atafika anatiuza kuti pa nthawi ya nkhondo anathawiradi ku Malawi iye ali kumsana, monga anachitira anthu ambirimbiri a kuno, ndipo anabwerera mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 October 1992. Matendawa amayamba kudya zadzulo ndi zadzana, zakalekale n'kutsala zili zowala. M'mutu mwa agogowa midzi inali ikupsabe.

Apa mpamene ndinalakwa, ine wa mapepala. Ndinagwada n'kunena, "Agogo, nkhondo inatha kalekale, palibe akubwera." Anandiyang'ana ngati ndine kazitape, nagwiritsa mtolo, nayamba kulira. Mayi wina wa pachigayo chapafupi anandikankhira pambali mwaulemu.

"Amayi, ulendo wa ku Dedza ndi wautali. Tiyeni timwe kaye phala, tikatha tinyamukire limodzi."

Agogo anatula mtolo. Pomatha phalalo za ku Dedza zinali zitachoka, akufunsa ngati mbuzi zatsekulidwa. Mayi uja sanaphunzirepo za ubongo. Anangondiuza kuti apongozi awo anali chimodzimodzi, ndipo anawasamala mpaka kumanda.

Kuyambira pamenepo ndinasiya zoitanitsa misonkhano. Ndinayamba kuyendera anthu amene maso awo amakhala pamsewu tsiku lonse: a pachigayo, a njinga, amayi ogulitsa tomato, madoda a pabawo amene akazi awo amati ndi alesi. Ulesi umenewo unandipindulira, chifukwa palibe amadutsa iwo osamuona. Sindinkawapempha zambiri ayi. Ndinkapita nawo, achibale atavomera, kukaona wodwalayo kuti adziwe nkhope ndi khomo. Akamuona akudutsa yekha, makamaka dzuwa likapendeka pomwe ambiri amasokonezeka kwambiri, asamugwire, asakangane naye, angomupatsa moni n'kuyenda naye. Tinaonanso kuti gogo woiwala mayina a zidzukulu amatembenuka msanga ukamuitana ndi mfunda wake, ndipo wina amene sankalankhulanso ankaimba nyimbo ya kutchalitchi ndime zonse osaphonya.

Amayi a mphakati ndi a mipingo ina anatenga mbali yovuta, yokhala ndi wodwala theka la tsiku kuti womusamalira apite kumunda kapena angogona. Nthawi zambiri wosamalirayo amakhala mwana wamkazi kapena mdzukulu wosiyira sukulu panjira, ndipo ndiye amayamba kutha thupi wodwala ali gwa. Ogwira ntchito zaumoyo m'midzi, amene tinkawatchula kuti ma APE, anandiphunzitsa kusathamangira kunena kuti ndi matenda oiwalaiwala. Nkhalamba ikasokonezeka mwadzidzidzi, mwina ndi malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, ndipo zimenezo kuchipatala amachiza. Ena tinawathandiza kulondola mapepala kuti alembetse kandalama ka okalamba ku INAS, bungwe la boma lothandiza anthu ovutika.

Nkhani ya ufiti ndiyo sinathe msanga, ndipo ndinganame nditati inatheratu. Ndinkayenda ndi lamulo la nambala 3/2014 loteteza okalamba, n'kumawawerengera mafumu. Ankagwedeza mitu. Mfumu ina inandiperekeza mpaka panjinga, n'kutsitsa mawu.

"Mwana wanga, amayi anga akumabisa nsima pansi pa mphasa, akumati ine ndine malume awo. Kodi ndi zomwezi?"

Ndinati zikhoza kutero, tipite nawo kuchipatala akawaone. Pamaliro otsatira m'mudzimo, mfumu ija inaimirira n'kulengeza kuti wopeza nkhalamba itasochera aibweretse kubwalo lake, ndipo woigenda akayankha mlandu.

Agogo a mtolo aja sanasiye ulendo wawo. Ankanyamukabe kawiri kapena katatu pa mwezi, poto ndi chitenje zili pamutu, koma sankapitiriranso pachigayo. Mayi uja ankasungiratu kaufa ka phala pambali, ndipo mwana wa agogowo ankabweza ufawo akakolola.

Gawo likubwerali ndidzakuuzani za tsiku lomwe njinga yamoto ija inandithera mafuta ku Dómuè, ndikupita kukaona agogo aamuna amene ankakana kusamba.