Mmene ndinadzutsira Altezza pakhomo panga ku Area 25

Galimoto yangayi, Toyota Altezza RS200, ndinaigula ili pamiyala, kuseri kwa nyumba ina ku Kawale. Mwiniwake anandiuza kuti inawira pa msewu wa ku Salima, iye n'kuithira madzi ozizira injini ikadali moto, ndipo kuchokera tsiku limenelo inkangotulutsa utsi woyera mpaka anaiimika. Nditatsegula pothirira oyilo ndinapeza phala looneka ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi ndi oyilo zinali zitasakanikirana.

Ndinaigulabe, chifukwa ndinkadziwa chimene chili pansi pa boneti. Altezza zambiri zimene timaziona muno ndi AS200, za masilinda 6, zolira mokoma koma mphamvu yake ndi 160 PS (mahosipawa) basi. RS200 ili ndi injini ya 3S-GE BEAMS imene Toyota anaipanga mothandizana ndi Yamaha: masilinda 4, 1998cc, ndipo ya manual ya magiya 6 imatulutsa 210 PS pa 7,600 rpm, ikukankha ndi matayala akumbuyo. Anasiya kuzipanga mu 2005, ndiye iliyonse imene yatsala ndi yofunika kuisamala.

Ntchito ndinaiyamba mu Juni, ndipo sabata yoyamba sindinagwire sipanala ayi. Ndinkalimbana ndi fumbi. Amene amakhala ku Area 25 akudziwa kuti mphepo ikayamba, ngakhale mbale yotsuka m'mawa imafika masana ili mbuu. Fumbi lomwelo likalowa pa bering'i kapena m'njira ya oyilo limapala chitsulo ngati sandipepala, ndipo injini zambiri zomangidwa pansi pa mtengo wa mango zimafa ndi zimenezi, makaniko ali wodziwa ntchito ndithu. Ndinatchinga shedi ya galimoto mbali zonse ndi pepala lakuda lapulasitiki, pansi ndinayala malata akale ndi makatoni, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaza madzi pabwalo. Ndinawotcheretsa mapaipi atatu okolekapo chain block yobwereka, ndi zitsulo zinayi zokhazikapo galimoto. Chonde musalowe pansi pa galimoto imene yangodalira jeke kapena njerwa. Njerwa imaphwanyika osachenjeza.

Ndisanatsitse injini ndinaika batire n'kuyeza compression, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya. Silinda 2 ndi 3 zinali pansi kwambiri, zinazo zili bwino, ndiye ndinadziwiratu kuti gasiketi ya pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi block (thunthu lake) yapsa pakati pa masilinda awiriwo. Pomasula, waya aliyense ndinkamumata selotepi n'kulembapo kumene akupita, n'kujambula ndi foni ndisanazule. Mabawuti ndinkaika m'mabotolo a chiponde, lililonse ndi dzina lake. Mavalavu 16 ndi tizitsulo take ndinandandalika pa thileyi ya mazira, chifukwa chilichonse chimayenera kubwerera pamalo pamene chinachoka.

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndalama inapita. Ndinathamangira ku Biwi kukagula gasiketi ndisanayezetse kalikonse. Wogulitsa wina anandiuza kuti, "Bwana, 3S ndi 3S basi, tengani iyi." Nditafika kunyumba n'kuisanjika pa block, mabowo ena sanagwirizane. Inali ya 3S-FE, injini ya m'ma Corona ndi RAV4 zakale, yapachibale ndithu koma hedi yake ndi ina. Kuyambira pamenepo sipeya iliyonse ndinkaifunsa ndi nambala ya chesisi, yoyamba ndi SXE10, ndipo zam'kati mwa injini ndinaitanitsa kunja. Zinatenga masabata angapo, koma zinabwera zenizeni.

Hedi, block ndi crankshaft ndinapita nazo ku shopu ya engineering. Ndinawapempha kuti hediyo ayambe aiyeza ndi pressure ngati ilibe mng'alu, chifukwa aluminiyamu imene inathiridwa madzi ikutentha imatha kung'aluka mosaoneka ndi maso. Inapezeka kuti yangopindika pang'ono. Ndinawauza kuti poisikima achotse kochepa kongokwanira kuiwongola. Injini iyi compression yake ndi 11.5:1 kale, ndiye mukapala hedi kwambiri imakwera kuposa apo, ndipo pa petulo wathu wa pa filling station imayamba kugogoda mukaiponda pa chitunda, mapisitoni n'kumadyeka mwakachetechete. Masilinda anapezeka kuti sanakule, akadali pa 86 mm, choncho anangowapanga honing, kuwakwecha pang'ono m'kati ndi mwala. Crankshaft anangoipolisha. Nditamva miyeso imeneyi m'pamene ndinaitanitsa maring'i ndi mabering'i a standard. Yezetsani kaye, kugula kubwere pambuyo.

Pomanga ndinathandizidwa ndi madala ena oyandikana nawo nyumba, amene anapuma ntchito ya umakaniko. Iwo ndi amene anandibwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira bawuti. Block itabwera ndinaitsuka ndi petulo n'kunena kuti, "Madala, tiyambepo?" Anatenga kansalu koyera, anapukuta m'silinda imodzi, n'kundionetsa katada bii. "Mwana wanga, wiritsani madzi, mubwere ndi sopo." Petulo sachotsa tinyenyeswa ta mwala wa honing, timakanirira m'timizere ta silinda. Tinatsuka ndi madzi otentha a sopo ndi burashi, kubwereza mpaka nsalu inatuluka yoyera, kenaka tinaumitsa ndi kupaka oyilo nthawi yomweyo kuopa dzimbiri.

Ring'i iliyonse tinailowetsa m'silinda yake n'kuyeza mpata ndi feeler gauge, ndipo pomanga tinaonetsetsa kuti mipatayo isayang'anizane. Mpata wa mabering'i tinayeza ndi Plastigauge, kaulusi kamene kamaphwatalala mukamanga bawuti, m'lifupi mwake n'kukuuzani ngati oyilo adzakhale ndi malo okwanira. Mabawuti a hedi tinamanga pang'onopang'ono, kuyambira pakati kupita kunja, motsatira manambala a m'buku la injiniyi osati mphamvu ya mkono. Ndinaika lamba wa timing watsopano pamodzi ndi tensioner ndi water pump, poti zonsezi zili malo amodzi, ndipo ndinazungulitsa injini ndi dzanja kawiri kuona ngati zizindikiro zabwerera m'malo mwake. Dzuwa likamalowa chilichonse chinkafundidwa m'majumbo.

Tsono zosintha. Anzanga ankandikakamiza kuti ndiike turbo. Ndinakana, chifukwa turbo pa compression imeneyi imafuna mapisitoni ena, kompyuta ina ndi munthu wodziwa kuichuna, ndipo kuchita mwa theka ndi kuphanso injini imene ndangoidzutsa. Ndalama ndinayamba kuika pa chimene chinaipha poyamba. Ndinagula rediyeta ya aluminiyamu yonenepa, mapaipi onse a madzi atsopano, ndi thermostat, kavalavu kotsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha. Yakale ndinapeza kuti munthu wina anaichotsa, monga amachitira ambiri poganiza kuti galimoto isiya kuwira. Zimene zimachitika n'zakuti injini imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga, pamene vuto lenileni, rediyeta yotsekeka ndi dzimbiri la madzi a pampopi, likadali pomwepo. Panopa mumalowa coolant yekha.

Kenaka mabuleki: mapadi abwino, mapaipi okutidwa ndi waya, ndi brake fluid wa DOT 4 watsopano m'mizere yonse. Mabushi onse a kutsogolo ndi kumbuyo ndinasintha, mashokabu chimodzimodzi. Kuitsitsa pansi monga timaonera pa YouTube sindinachite. Ndi mahampu ndi maenje a m'misewu ya m'malokeshoni, sampu ya oyilo pansi pa injini ingathe m'mwezi umodzi. Marimu a 17 ndinagulitsa n'kuika a 16 ndi matayala a 205/55, amene ali ndi mnofu wolandira dzenje.

Za mphamvu ndinachita ziwiri zokha: flywheel yopepuka ndi kalachi yatsopano, kuti injini izikwera msanga, ndi ekizozi yotakasuka pang'ono koma yokhala ndi sailensa, poti ndimanyamuka m'mamawa anthu akugona. Fyuluta ya mpweya ya cone ija imene achinyamata amaikonda ndinaisiya dala. Imayamwa mpweya wotentha wa m'boneti, ndipo zotchipa zimalowetsa fumbi lomwe lija ndinathera miyezi ndikulithawa. Bokosi la fakitale limakoka mpweya wozizira wa kutsogolo. Tisaiwalenso kuti Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake. Palibe fyuluta imene ingabweze zimenezo.

Tsiku loliza linafika mu Okutobala. Ndinachotsa mapulagi ndi fyuzi ya EFI kuti petulo asalowe, n'kupukusa ndi sitata mpaka getsi la oyilo litazima, kuti mabering'i asayambe ntchito ali ouma. Nditabwezeretsa zonse, inalira pa kiyi wachiwiri. Mayi a kunyumba anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja, madala aja atagwada akuunika pansi ndi tochi kufuna podontha. Tinaisiya ikulira, hita ili yotsegula kuti mpweya utuluke m'njira za madzi, mpaka thermostat inatseguka.

Popeza block ndi yomwe ija, nambala ya injini ikugwirizana ndi ya m'blue book, ndiye ku Road Traffic ndinangokapangitsa COF nditalipira inshuwalansi. Makilomita 1,000 oyamba sindinapyole 4,000 rpm. Ndinkapita ku Dedza ndi kubwerera pa M1, chifukwa zitunda za njira imeneyo zimapangitsa injini kukoka ndi kupuma mosinthana, zimene maring'i atsopano amafuna kuti akhazikike. Msewu umenewu ndi wa akabaza, maminibasi ndi ana a sukulu, si poyeserapo liwiro. Maso anga anali pa singano ya kutentha, ndipo ndi dzuwa lonse lija la Okutobala inakhala pakati osasuntha.

Nditakwanitsa makilomitawo ndinakhetsa oyilo, n'kudula fyuluta ya oyilo pakati kuti ndione m'kati. Munalibe zitsulo zonyezimira. Ndinayezanso compression, masilinda onse anayi ali pafupifupi mofanana. Chatsala ndi difu, imene ikulira pang'ono ndikachotsa phazi pa liwiro la 80, ndipo ndikusaka ya LSD, yosalola tayala limodzi kupalasa lokha, yochokera m'Altezza ina kuti ndidzaike mvula ikatha.