Chipolopolo cha kopa: zomwe ndaphunzira pa kulemera kwake

Pa maphunziro anga a kasamalidwe ka agwape kuno ku Scotland, chimene chandidyera nthawi kwambiri ndi funso looneka laling'ono: munthu wodzaza yekha zipolopolo za mfuti yosakira, asankhe cha kopa (mkuwa) cholemera bwanji m'malo mwa cha mtovu?

Alenje ambiri amati nyama yaikulu imafuna chipolopolo cholemera. Pa mtovu akunena zoona. Chipolopolo cha mtovu chikalowa m'thupi chimanyenyeka, ndiye umayamba ndi cholemera kuti chotsalacho chikafike pamtima ndi m'mapapo. Tizidutswa tomwazikato timatsalira mu nyama yomwe anthu adye, komanso m'matumbo otayidwa kutchire omwe ziwombankhanga zimatola. Ku California mtovu unkapha miimba ya condor, mpaka mu 2019 analetseratu kusaka ndi zipolopolo za mtovu m'dera lonselo.

Kopa sanyenyeka chotero. Nsonga yake imatseguka ngati duwa, ndipo chipolopolo chimapyoza nyama chisanataye kulemera kwake kwenikweni. Ndiye cholemera kwambiricho ncha chiyani?

Apa mpamene pandikoka mtima. Kopa ndi wopepuka kuposa mtovu: magalamu 8.96 pa kyubiki sentimita, pamene mtovu ndi 11.34. Kuti cha kopa chilemere ngati cha mtovu, chiyenera kutalika, poti m'mimba mwake simungasinthe. Chipolopolo chachitali chimafuna kuzungulira mofulumira kuti chiuluke mowongoka, ndipo chimene chimachizunguza ndi mizere ya mkati mwa paipi ya mfuti. Mfuti zambiri za saizi yotchedwa .243 Winchester zili ndi mizere yozungulira kamodzi pa mainchesi 10. Cha mtovu cha ma grain 100 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo) chimayenda bwino mmenemo, koma cha kopa cholemera chimodzimodzi chimagwedezeka. Ukayang'ana pepala lowomberapo, m'malo mwa kabowo kozungulira umapeza bowo lotalika, kusonyeza kuti chinafika chopingasa. Ukatero pa gwape wamoyo, wangomuvulaza, akafera kutali mozunzika.

Nkhaniyi inafika mpaka m'malamulo. Scotland inkafuna chipolopolo chosachepera ma grain 100 pa agwape aakulu, ndipo mu 2023 anatsitsa kufika pa 80, kuti eni mfuti ngati .243 athe kusiya mtovu. Ndimaona kuti anaganiza bwino.

Chinanso ndi liwiro. Kopa ndi wolimba, ndipo akafika pa nyama atatha mphamvu satseguka, amangoboola kabowo kakang'ono. Chopepuka chimatuluka mwaliwiro, choncho pa mtunda womwe agwape amawomberedwa kawirikawiri chimatseguka mosakayikitsa. Pa mfuti ya .308 Winchester, pomwe anthu anazolowera cha mtovu cha ma grain 150 kapena 165, ine ndingayambe ndi cha kopa cha 130.

Podzaza, kutalikako kumadya malo a onga mkati mwa chigoba, ndipo mphamvu ya kuphulika imasintha. Muyeso wa onga wolembedwera mtovu suyenera kukoperedwa pa kopa. Umatenga wa kampani yomwe inapanga chipolopolocho, kaya Barnes, Hornady kapena Nosler, n'kuyambira pansi, kukwera pang'onopang'ono. A Barnes amalangizanso kuti chipolopolo chisagunde mizere, chiyambire chapatali pang'ono.

Tsopano ndikuphunzira kuyeza mizere ya mfuti ndi ndodo yopukutira, chifukwa ndisanadziwe nambala imeneyo sindingagule bokosi la zipolopolo.