Katoni yanga akuti imalankhula

Kunja kwada kale kuno ku Bembeke, koma mawu a bambo amene anandibwezera katoni yanga m'mawa uja akundizungulirabe m'mutu, moti ndaganiza zowalemba kuti mwina tulo tibwere.

Ndimatumiza makapu 6 ndi mbale 6 zadothi kwa mng'ono wanga ku Blantyre, ndipo ndinapangana ndi eni lole ina yonyamula mbatata ya kachewere kuti ndiwapeze m'mbali mwa msewu wa M1. Katoniyo ndinalongedza ndekha usiku wadzulo, ndikudzitama mumtima kuti ndagwira ntchito yooneka. Bambo woyang'anira zokweza katundu, munthu wa imvi zake, anainyamula, anaigwedeza pang'ono pafupi ndi khutu, kenaka anaitsitsa pansi.

"Mayi, katoni yanuyi ikulankhula," anatero. "Ngati ikulira chonchi ili m'manja mwanga, pofika pa Zalewa mudzakhala mukutumiza mapale."

Anyamata osenza matumba anaseka, ndipo ine nkhope inagwa ndi manyazi. Ndinawayankha mokweza mawu kuti ndaikamo nyuzipepala zokwanira, koma iwo sanakwiye. Anandiuza kuti nditsegule, ndipo tinakhala pansi pomwepo, mphepo ya ku Dedza ikutilowa m'mafupa. Kapu iliyonse anaikulunga payokha, mbale anaziimika chammbali m'malo mozisanjikiza chogona, zolemera anaziika pansi, ndipo mipata yonse anaitseka ndi udzu wouma kufikira panalibenso chogwedera. Pansi pa katoni anamatapo selotepi mopingasa, chifukwa akuti ndi pamene pamayamba kung'ambika munthu akanyamula.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi nkhani ya zolemba, popeza pa zimenezi ndimadziyesa katswiri. Ine ndinali nditalemba dzina pamwamba pokha. Iwo anandifunsa kuti, "Nanga pamwambapo tikaikapo katundu wina, wotsitsa awerenga pati?" Anandionetsanso kuti m'mbali mwa katoniyo munali mutalembedwa kale dzina la munthu wina wa ku Kasungu, poti inali katoni yakale ya sopo, ndipo ndinali ndisanalifute. Anandilembetsa m'mbali ziwiri ndi zilembo zikuluzikulu dzina la wolandira, nambala yake ya foni, malo otsitsira ndi nambala yanga, pamodzi ndi muvi woloza kumwamba ndi mawu akuti ZOSWEKA. Pamwamba pa zolembazo anamatapo selotepi yoonekera kuti mvula yamawawa isasungunule inki, ndipo anandilangiza kuti ndiikenso kapepala kena m'kati, kuopa kuti zakunja zingafufutike pa ulendo wa makilomita oposa 200.

Zonsezo n'zoona, ndipo sanandilipiritse kanthu kupatula mtengo wonyamulira. Komabe sindikudziwa chifukwa chimene mtima wanga sukukhazikika. Mwina n'chifukwa chakuti anandiphunzitsira pagulu, kapena n'chifukwa chakuti ndakumbukira mphika umene unafika wosweka chaka chatha, umene ndakhala ndikunenera dalaivala m'mudzi monse muno kuti ndi wosasamala.

Mng'ono wanga sanaimbebe foni. Nthawi yomaliza imene ndinamva, lole inali itaima pa Lizulu kukweza matumba ena, ndipo sindikudziwa ngati katoni yanga anaisiya pamwamba monga analonjezera. Posachedwapa ndimafuna machesi m'chikwama, ndiye ndapezamo kapepala kaja kamene ndinayenera kuika m'kati.