Zikomo nonse, koma makamaka achimwene a pa benchi

Ndikulemba izi nthawi ili 2 koloko usiku, tulo tandithawa. Dzulo madzulo nyimbo yanga ija yamvedwa kudutsa ka 10,000 pa Audiomack, tsamba lomverapo nyimbo pa intaneti. Ndikudziwa kuti kwa oimba akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe nambala imeneyi amaipeza asanadye nkhomaliro, koma ine ndakhala ndikuiyang'ana ngati mwana wakhanda, kutseka foni, kutsegulanso, kuopa kuti mwina maso akundinamiza. Nyimbo yojambulidwa m'kachipinda ku Chibavi, matiresi titawatsamiritsa kukhoma kuti phokoso la ana a aneba lisalowe. Manejala ndilibe, kampani ndilibe, ndalama yotsatsira inapita ndi mphepo monga mukudziwira. Ambuye, ndinu nokha.

Sindibwereza zonse, ambiri a inu munalipo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya ku situdiyo inalumpha, nyimbo n'kugona miyezi yambirimbiri ili theka. Itatha, foni inandibedwa pa depoti, maakaunti onse n'kupita nayo. Kenaka munthu uja, yemwe analonjeza kuti aikweza pa masamba akuluakulu, anadya ndalama zimene mayi anakongola ku banki m'khonde, n'kundibuloka. Mpaka lero mayi satchula nkhaniyi, ndipo kusatchulako n'kumene kumandipweteka kwambiri. Basi, izo zikhale pamenepo.

Ine lero ndikufuna ndinene za achimwene a pa benchi.

Amene mumadutsa pakati pa msika ndi depoti mukuwadziwa, sindiwatchula dzina chifukwa iwo eni sakonda zoonekera. Kabenchi kathabwa, laputopu yakale yomangidwa ndi tepi pakona, sipika imodzi yolira ngati ziwiri, pamwamba lona wabuluu. Ntchito yawo ndi kuika nyimbo m'mamemori ndi m'mafulashi. Ndiulule tchimo langa poyera: anthu a ntchito imeneyi ndinkawanyoza. Ndinalembapo pano pomwe kuti ndi amene akupha oimba, akudya thukuta lathu. Ena a inu munaombera m'manja positi imeneyo. Ndiye taonani mmene Mulungu amachepetsera munthu wodzimva.

Inali mvula ya mu Malichi, ija ya kuno ku Mzuzu yosadziwa kukata, ine ndikuchokera kofunsa mitengo ya mafoni ogwiritsidwa kale ntchito, m'thumba muli ndalama yokha ya sakaramento, kabaza wa njinga wa kuno, yobwerera kunyumba. Ndinausa pa lona wawo. Tinayamba kucheza za matope, kenaka za nyimbo, ine n'kutulutsa kamemori kamene kanapulumuka chifukwa tsiku lobedwa foni kanali m'wayilesi ya mayi. Anaimvera yonse osayankhula, mutu uli pansi. Itatha anaibwereza. Kenaka akuti, "Mphwanga, nyimboyi ndi yabwino, koma ilibe dzina. Mwana wopanda dzina akasochera umamuitana bwanji?"

Ndinayang'ana pa laputopu, zoonadi. Fayilo inali ndi dzina lija limene WhatsApp imapereka yokha, AUD ndi manambala ambirimbiri. Miyezi yonse ija ndinkatumizira anthu nyimbo yoti ngakhale aikonde sangadziwe kuti woimba ndani. Tsiku lomwelo anakonza: dzina langa kutsogolo, mutu wa nyimbo pambuyo, n'kulowanso m'kati mwa fayilo kulemba zomwezo kuti ziziwoneka pa wayilesi ya m'galimoto ndi pa kafoni kamabatani. Anaikamo ndi chithunzi. Anandiuza kuti ndikamatumiza pa WhatsApp ndizitumiza ngati dokyumenti kuti dzinalo lisafufutike. Zinthu zimenezi palibe anandiuzapo, ngakhale aja amene timawatcha akatswiri.

Ndiye nkhani ya kulemera kwa fayilo. Ine mwa kunyada kwanga ndinkafuna anthu amve yoyera kwambiri, ndiye ndinkagawa ya mlingo wapamwamba wa 320 kbps, yoposa 8 MB. Achimwene anaseka. Akuti munthu wa ku Mchengautuba wagula kabandulo ka tsiku limodzi kuti alankhule ndi m'bale wake, iwe ukufuna akuwonongere theka lake pa nyimbo ya munthu amene sakumudziwa? Anaitsitsa kufika pa 128, n'kukhala 3 MB ndi kanthu. Yolemera ija akuti isunge ya ku wayilesi ndi yokweza pa intaneti, yopepukayi ndiyo ya anthu. Ndinakana pang'ono, ndinati mabezi aphwa. Anaiyika pa sipika yawo pakati pa phokoso la makondakitala oitanira Nkhata Bay ndi Karonga, n'kundifunsa kuti kusiyana kuli pati. Ndinangokhala chete.

Chimene sindidzaiwala n'chakuti asanaiyike m'memori ya munthu aliyense anandifunsa. "Undilole ndi pakamwa pako, mphwanga, mawa usadzati ndakubera." Ndinachita manyazi, chifukwa ndinadziwa kuti positi yanga ija anaiona kapena anauzidwa. Sanaitchule. Ndinavomera.

Kuyambira pamenepo aliyense wobwera kudzaikitsa nyimbo ankapita ndi yanga ngati basera. Madalaivala a minibasi, anyamata a sakaramento aja omangirira kasipika pa handulo, asisi a m'masaluni, a m'mabala a ku Chibanja ndi ku Zolozolo. M'mawa akatsegula benchi nyimbo yoyamba pa sipika inali yanga, madzulo potseka chimodzimodzi. Patapita milungu itatu msuweni wanga anandiimbira ali pa Chiweta, minibasi ikutsetsereka kupita kunyanja, akuti tamvera, n'kuyandikiza foni ku sipika. Ndinali pa ganyu yonyamula matumba a simenti ku Luwinga. Ndinakhala pansi pa mulu wa mchenga n'kulira ngati mwana, akapitawo n'kumadabwa kuti kwagwa maliro.

Apa m'pamene ndinamvetsa zimene achimwene ankatanthauza. Munthu akaimva m'minibasi n'kuona dzina pa wayilesi, akafika kunyumba amakalifufuza. Nambala za pa Audiomack zinayamba kukwera pambuyo pa msika, osati patsogolo pake. Ine ndinkaganiza kuti intaneti ndiyo ikokera anthu ku nyimbo, chonsecho anali makondakitala amene ankakokera anthu ku intaneti.

Za kukweza nyimboyo nazonso ndi iwo. Foni ya intaneti ndinalibe, ndiye ndinkadikira atseke bizinesi, tikhale pa khonde la sitolo ina pamene pali babu, kuzizira kwa Juni kuja kolowa mpaka m'mafupa, iwo n'kutsegula hotspot pa bandulo yawo ya usiku. Tinatsegula maakaunti atsopano onse, imelo yatsopano, ndipo ulendo uno mapasiwedi anandikakamiza kulemba m'kope, kope n'kukasiya kwa mayi. Audiomack salipiritsa kukweza nyimbo, ndiye tinayambira kumeneko. Pa YouTube tinaika nyimbo ndi chithunzi chokha poti ya vidiyo panalibe. Kawiri konse magetsi anathima itafika pa 90 peresenti, batire la laputopu ija silisunga moto ngakhale mphindi imodzi. Iwo ankangoti, "Tiyambirenso mawa." Ine mtima uli phuliphuli, iwo phee.

Amene mumandifunsa za Spotify, inde inafika kuno ku Malawi mu 2021, koma sulowako wekha ngati ku Audiomack, umadzera kwa kampani yogawa nyimbo, ndipo zambiri mwa izo zimafuna ulipire ndi khadi la ku banki kapena zizidula gawo la zimene wapeza. Kuonjezera apo, kuyambira 2024 nyimbo imayenera kumvedwa ka 1,000 pa miyezi 12 kuti iyambe kuwerengeredwa ndalama. Tinakambirana n'kuona kuti anthu anga sali kumeneko panopa. Tidzafikako.

Ndatsala pang'ono kuiwala za korasi. Mukudziwa kuti ine kwathu ndi ku Ntcheu, Chitumbuka changa ndi cha pamsika. Mu korasi ndinaikamo mizere iwiri ya Chitumbuka, ndipo liwu limodzi ndinalipinda molakwika. Anzanga onse a ku situdiyo anamva, palibe anandiuza. Achimwene anandikokera pambali akuti, "Apa wanena zina, amama a ku Ekwendeni akamva aseka." Ndinabwerera kwa pulodyusa kukakonza mzere umodzi wokhawo. Ndipo ndi korasi yomweyo imene atsikana a ku Mzuni anadula masekondi 15 n'kuvinira pa TikTok, mpaka ena amene sindikuwadziwa n'komwe anayamba kutengera. Asisi inu, sindikudziwani mayina nonse, koma sabata imene munavina ija nambala inalumpha kuposa mwezi wonse wam'mbuyo. Yewo chomene.

Tsopano ena onse, mundikhululukire ngati ndidumphe wina, mutu sukuyenda bwino. Mayi anga, amene nyimbo za chinyamata sazimva koma anapita nayo ku kwaya ya amayi n'kuuza aliyense kuti auze ana ake. Pulodyusa wanga, amene anandilola kulipira pang'onopang'ono ndipo mzere uja anakonza ulere. Mchemwali wanga wa ku Katoto, amene anandibwereka foni yake yakale yosweka galasi, imene ndikulembera panoyi. Gulu lathu la WhatsApp la amene tinalemba limodzi Fomu 4, munaika nyimboyi pa status tsiku ndi tsiku mpaka abale anu anayamba kukudandaulani. Abale a ku Joni, ndikakatsegula pamene Audiomack imaonetsa kumene omvera ali, Johannesburg ndi Cape Town zimakhala pamwamba pomwe, ndipo ndikudziwa kuti ndi inu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay amene mukumvera mutaweruka, mukulakalaka kondowole. Muulutsi mmodzi wa pa wayilesi ina ya konkuno amene anaiimba osandipempha ya fanta. Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsa.

Anthu amati kutsatsa nyimbo pa intaneti ndi kwa ulere. Ine sindinalipire, zoona. Koma aliyense wa inu anawotcha bandulo yake, ndipo bandulo kuno si masewera. Ndikawerenga 10,000 ija ndimaona mayunitsi a anthu amene akanatha kugulira tomato.

Kwa aja ena. Aja a "tumiza linki aise" kenaka timizere tiwiri tabuluu, zii, mwezi wathunthu. Aja amene tinkagona chipinda chimodzi, kudya chiwaya mbale imodzi, koma kushera positi imodzi chala chinalemera. Aja munandiuza kuti nyimbo za ku Mpoto sizidutsa pa Jenda. Dzulo ndaona ena mwa inu mwalemba kuti "mfana wathu, tinayambira limodzi." Chabwino, ndalaika. Sindikusunga mangawa, mayi anandiletsa. Kungoti ndili ndi kope lija la mapasiwedi, ndipo kumapeto kwake kuli masamba ena amene ndinalemba zina.

Ndisanamize achinyamata anzanga amene mukundilembera ku inbox: ndalama sindinaione. Nambala imeneyi sinagule ngakhale thumba la makala. Ngongole ya banki m'khonde ndikubwezabe ndi maganyu a simenti. Chimene chasintha n'chakuti anthu awiri andiitana kukaimba pa ukwati, ndipo wina wafunsa mtengo m'malo mondiuza kuti ndikaimbe kuti anthu andidziwe. Ndipo ndi achimwene omwewo, munthu amene ndinkamutcha wakuba nyimbo, amene akhala akundikalipira kuti ndikalembetse nyimboyi ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Akuti bungweli lilipo kuyambira 1992, iwe ukudikira chiyani, ikamalira pa wayilesi usanalembetse ndalama yako idzakupeza bwanji? Mapepala ndayamba kusonkhanitsa.

Dzulo nambala itakwana ndinathamanga kuchoka ku Chibavi wapansi, sindinadikire n'komwe sakaramento. Ndinawapeza akuikira agogo ena nyimbo za kwaya m'kamemori. Ndinawaonetsa foni, manja akunjenjemera. Anayang'ana, n'kugwedeza mutu kamodzi, n'kupitiriza ntchito yawo. Agogo aja atachoka ndi pamene anati, "Chabwino. Yachiwiri ili kuti?" Ndinati ndiwagulire fanta, anakana, akuti ndalama imeneyo kapatse amama. Ndinawafunsa chifukwa chimene anachitira zonsezi kwa munthu wongousa mvula. Akuti iwonso kale ankaimba, anajambula nyimbo zinayi pa kaseti, ndipo palibe anazimva kupatula akazi awo. Sanaonjezere china, kasitomala wina anali atafika kale.

Achimwene, ndikudziwa kuti Facebook simuikonda, koma mwana wanu wamkulu akuwerengerani izi. Pepani chifukwa cha positi ija, ndaichotsa. Lona wanu akudontha pakona ya kumene kumakhala laputopu, ndinaona mukuikapo jumbo. Ukwati woyamba uli kumapeto kwa mwezi uno, ndipo ndalama yake ndagawa kale pawiri: theka kwa mayi, theka ndikukagula lona ku Hardware. Musakane, ndabwera nditamuyeza kale ndi mapazi inu mukuikira agogo aja nyimbo. Ndipo kaseti ija mukaifufuze, pulodyusa wanga akuti ali ndi kachipangizo kotha kuisamutsira pa kompyuta. Ndifika Loweruka m'mawa musanatsegule sipika.