Zimene ndaphunzira powerenga mapu a mapiri a ku Nyanja ya Lucerne

Stanserhorn ndi Grosser Mythen ndi mapiri awiri a pakati pa dziko la Switzerland, m'dera la Nyanja ya Lucerne, ndipo pa mapu onse awiri analembedwa mamita 1898. Pa Stanserhorn anthu amafikapo ndi ana akhanda. Amakwera sitima yakale ya mu 1893 kuchokera ku Stans, kenako cable car (galimoto yoyenda m'mwamba italendewera pa chingwe) yotchedwa CabriO imene inayamba kuyenda mu 2012, ndipo ikawatsitsa pamatsala kuyenda mphindi zochepa chabe. Grosser Mythen ndi chithanthwe choima njo. Palibe njanji kapena chingwe chofika pamwamba pake. Munthu amayambira pa Holzegg, mamita 1405, n'kukwera mamita pafupifupi 500 m'kanjira kokhota maulendo 47, kosemedwa m'mwala, kokhala ndi maunyolo ogwirira m'malo ena. Pa kanjira kameneka anthu akhala akugwa n'kufa.

Chimene ndatolapo kwambiri pa phunziro lonseli n'chimenechi: nambala yolembedwa pansonga ya phiri ndi imene imanena zochepa kuposa nambala zina zonse za pa mapu. Kwa ife odziwa Mulanje msampha wake ndi waukulu. Sapitwa ndi mamita 3002, kuposa mapiri awiri aja ndi Pilatus ndi Rigi, mapiri ena a m'dera lomwelo, moti n'zosavuta kuwaderera. Koma Lucerne ali pa madigiri 47 kumpoto kwa equator. Kumeneko, pa mamita 2000, chipale chofewa chimatha kukhalabe m'makwawa oyang'ana kumpoto mpaka mwezi wa Juni.

Kuwerengera kuyambire panyanja. Madzi a Nyanja ya Lucerne ali pa mamita 434 pamwamba pa nyanja zazikulu, ndipo midzi yoyambira maulendo, monga Alpnachstad, Weggis ndi Vitznau, ili pagombe penipeni. Ndiye chofunika ndi kuchotsera. Siteshoni ya pamwamba pa Pilatus, yotchedwa Pilatus Kulm, ili pa mamita 2073. Mukachotsapo msinkhu wa Alpnachstad mutsala ndi mamita pafupifupi 1630 oti miyendo ikwere, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Anthu a m'mapiri a Alps ali ndi kawerengedwe kawo ka nthawi. Munthu wozolowera amakwera mamita 400 pa ola, ndipo pamalo athyathyathya amayenda makilomita 4 pa ola. Mamita 1630 kugawa ndi 400 ndi maola 4. Makilomita 8 kugawa ndi 4 ndi maola 2. Mumatenga nambala yaikuluyo yonse, n'kuwonjezera theka la yaing'onoyo: 4 kuphatikiza 1, maola 5. Amene sanazolowere zitunda awerengere mamita 300 pa ola, ndipo apeza maola 6 ndi theka. Mu nthawi imeneyi mulibe kupuma, mulibe kudya, mulibe kujambula zithunzi. Nthawi zolembedwa pa zikwangwani za m'njira nazonso n'chimodzimodzi, sizikuwerengerani mpumulo. Ine ndingalangize kuwonjezera mphindi 10 pa ola lililonse ndi theka la ola la chakudya.

Pamene anthu amalakwitsa ndi kuyang'ana makilomita okha. Amaona 8, amati maola awiri afika, amanyamuka masana ndi kabotolo kamodzi ka madzi.

Sitima ya pa Pilatus imakuonetsani kutsetsereka kwa mbali imeneyi. Inatsegulidwa mu 1889, ndipo pa malo ake oima kwambiri imakwera mamita 48 pa mamita 100 aliwonse opita patsogolo. Eduard Locher anaipangira njanji ya mano kumbali zonse ziwiri, yogwiridwa ndi magudumu awiri ogona, chifukwa gudumu la mano la masiku onse likanatha kudumpha pa chitunda chotere. Imayenda kuyambira Meyi mpaka Novembala. Njira ya wapansi imadutsa pa Ämsigen, siteshoni ya pakatikati, ndipo pamenepa ndi pabwino kuyang'ana wotchi n'kudzifunsa moona mtima ngati mphamvu zatsala.

Chachiwiri ndi mtundu wa utoto. Switzerland ili ndi njira za wapansi zoposa makilomita 65,000, zonse zolembedwa mofanana. Chikwangwani chachikasu chokha chikutanthauza njira yosavuta, imene bungwe la Swiss Alpine Club limaitcha T1 pa muyeso wake wa kuvuta kwa njira. Nsonga ya chikwangwani ikakhala ndi mizere yoyera, yofiira, yoyera, ndiye njira ya m'phiri, T2 kapena T3: ndi yopapatiza, yotsetsereka, pena ili m'mphepete mwa phompho, imafuna jombo zogwira pansi ndi munthu wosachita chizungulire. Mizere yoyera, yabuluu, yoyera ndi T4 kupita m'mwamba, kumene njira imatha kuzimirira ndipo manja amagwira ntchito limodzi ndi mapazi. Utoto womwewo amaupaka pamiyala ndi pamitengo. Mukayenda mphindi zingapo osaona chizindikiro, bwererani pa chomaliza chimene munachiona. Kupitirira ndi maganizo akuti njira ipezeka kutsogolo ndi kumene kumafikitsa anthu pamwamba pa thanthwe losatsikika.

Phiri la Rigi limaphunzitsa bwino nkhani ya utotoyi. Nsonga yake yaitali, Rigi Kulm, ndi mamita 1797, ndipo sitima yochokera ku Vitznau yakhala ikukwera phirili kuyambira 1871, yoyamba ya mtundu umenewu ku Ulaya. Njira zambiri za kumeneko ndi zotakasuka, zodutsa m'mabusa a ng'ombe. Koma cha kum'mawa kwa phiri lomwelo kuli Rigi Hochflue, mamita 1698, yotsika ndi mamita 100, imene njira zake ndi za utoto wabuluu, za makwerero achitsulo ndi zingwe zogwirira. Munthu amene wamva kuti "Rigi ndi phiri la aliyense" n'kulunjika ku Hochflue wapita ku phiri lina.

Kusiyanaku kuli m'mwala. Mbali ya Kulm ndi mwala umene amati Nagelfluh, miyala yobulungira ya m'mitsinje yakalekale yomatana pamodzi, yosanjikizana ndi dothi lofewa. Madzi akalowa pakati pa misanjikoyi, wa pamwamba umatha kutsetsereka. Pa 2 Seputembala 1806, itagwa mvula ya nthawi yaitali, mbali ya phiri la Rossberg, loyang'anizana ndi Rigi, inagumuka n'kukwirira mudzi wa Goldau, ndipo anthu 457 anafa. Chipsera chake chikuonekabe. Hochflue, Pilatus ndi Mythen ndi mwala wa laimu. Ukauma umagwira jombo bwino. Koma pamene papondedwa ndi anthu zikwizikwi umasalala, ndipo ukanyowa umaterera koopsa. N'chifukwa chake Grosser Mythen si wokwera kukagwa mvula, ngakhale mvulayo itakata m'mawa womwewo. Udzu nawo usakupusitseni. Mtsetse wa udzu wonyowa ulibe chogwira, ndipo munthu akaterera pamenepo liwiro limangowonjezeka.

Mtsetse umaoneka pa mapu musanaufike. Mapu a boma, a swisstopo, a sikelo ya 1:25,000, amaonetsa kilomita imodzi pa masentimita 4, ndipo m'mapiri a Alps mizere yosonyeza kukwera kwa malo imatalikirana mamita 20. Mizere iwiri ikayandikana kufika pa milimita imodzi ndi theka, malowo ndi otsetsereka madigiri 30, pamene kugwa sikukhalanso kungodzuka n'kudzisasa fumbi. Mtundu wa mizereyo umanenanso kanthu: yofiirira ndi dothi ndi udzu, yakuda ndi miyala, yabuluu ndi madzi oundana. Pa pulogalamu yawo ya pafoni mungayatse mtundu wapadera wosonyeza malo onse opitirira madigiri 30. Mapuwo muwasunge mu foni musananyamuke, chifukwa m'makwawa netiweki imasowa, ndipo kuzizira kumatha batire msanga.

Nyanja imanamiza pa nkhani ya nyengo. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 0.65 pa mamita 100 aliwonse okwera. Pagombe pakakhala madigiri 24, pa Pilatus Kulm pamakhala pafupifupi 13, mphepo isanawonjezerepo zake, ndipo munthu amafikapo malaya atanyowa ndi thukuta. Malaya a thonje amasunga madzi n'kumachotsa kutentha kwa thupi. A ubweya kapena a nsalu zouma msanga ndiwo oyenera, pamwamba pake juzi ndi jekete yotchinga mvula ndi mphepo. Madzi akhale malita 2 pa ulendo wa maola 5, popeza m'mwala wa laimu madzi amalowa pansi ndipo timitsinje ta pamwamba n'tochepa.

M'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti chiopsezo chachikulu ndi mphenzi za masana. Dzuwa likawotcha mitsetse m'mawa, mpweya umakwera, mitambo imayamba ngati timiyulu toyera, ndipo ikayamba kutalika n'kuda kunsi kwake ndiye nthawi yatha. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke, mugawe ndi 3: amenewo ndi makilomita. Masekondi osakwana 30 akutanthauza kuti muchoke pamsana wa phiri, pansonga, pa mitanda yachitsulo ya pansonga ndi pa maunyolo. Apa ndi pamene njira yotchuka yochokera pa Klingenstock, mamita 1935, kupita pa Fronalpstock, mamita 1921, imafuna ulemu. Ndi ya maola awiri, ili ndi masitepe ndi maunyolo, ndipo kuchokera pamenepo nyanja imaoneka pansi penipeni, kukongola kosasimbika. Koma yonse ili pamsana, malo othawirapo ndi ochepa, ndipo Loweruka kapena Lamlungu anthu amachuluka moti liwiro lanu silikhala lanu. Iyambeni m'mawa. Poyambira pake, mudzi wa Stoos, mumafikapo pa sitima yokokedwa ndi chingwe imene inatsegulidwa mu Disembala 2017, yokwera mamita 110 pa mamita 100 aliwonse pa malo ake oima kwambiri.

Palinso mphepo ya föhn, yochokera kum'mwera. Imawoloka mapiri a Alps, imatsika yofunda ndi youma m'chigwa cha mtsinje wa Reuss, n'kugwera pa mbali ya nyanja yotchedwa Urnersee. Tsiku la föhn kumwamba kumayera, mapiri akutali amaoneka ngati ali pafupi, munthu n'kuona ngati ndilo tsiku labwino koposa. Pamsana wa phiri mphepoyo imatha kugwetsa munthu, ndipo ma cable car amaimitsidwa. M'mbali mwa nyanja muli nyale zachikasu chofiirira zochenjeza a mabwato: zikamathwanima ka 40 pa mphindi ndi mphepo yamphamvu, ka 90 ndi namondwe. Wokwera phiri aziyang'anenso. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala zimatembenuka: chifunga chimaphimba nyanja pamene pansonga pali dzuwa, ndiye musaweruze phiri poyang'ana kumwamba muli pagombe. Onani pa MeteoSwiss, nthambi ya boma yoona za nyengo, ndi makamera a pamasiteshoni a pamwamba.

Ng'ombe zoyamwitsa muzilambalale patali, musalowe pakati pa thole ndi make, ndipo mutseke chipata chilichonse cha busa chimene mwatsegula. Madzulo mudzifufuze nkhupakupa, zimene zimapezeka mu udzu ndi m'nkhalango za m'munsi. Pakachitika ngozi, 1414 ndi nambala ya Rega, opulumutsa anthu pa helikoputa, ndipo 112 imagwiranso ntchito. Foni ikakana, chizindikiro chopempha thandizo ndi kuliza wezulo kapena kuyatsa tochi kasanu n'kamodzi pa mphindi, kupuma mphindi imodzi, n'kubwereza.

Wongoyamba kumene ayambire pansi. Njira ya Weg der Schweiz, ya makilomita 35, yokonzedwa mu 1991, imazungulira Urnersee kuchokera pa Rütli mpaka ku Brunnen, ndipo imadulika m'zigawo chifukwa sitima za panyanja zimaima m'midzi ya m'njira. Kenako Rigi kuchokera ku Weggis, kumene miyendo imaphunzira chitunda cha mamita oposa 1300 popanda phompho, ndipo mukatopa pa Rigi Kaltbad pali chokutsitsani. Fronalpstock, Pilatus ndi Mythen abwere pambuyo pake.

Kutsika ndi kumene kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa ma cable car achititsa anthu kusakuwerengera. Munthu amati akwera wapansi, atsika pa chingwe. Koma ulendo womaliza wa cable car umachoka madzulo dzuwa likadalipo, ndipo mphepo ikhoza kuutseka nthawi isanakwane. Ndiye kutsika muzikuwerengera nthawi zonse ngati mudzayenda ndi mapazi. Pa liwiro la mamita 500 pa ola, mamita 1630 a Pilatus ndi maola 3 ndi mphindi 15, kuphatikiza theka la nthawi ya makilomita aja, maola oposa 4, ntchafu zitatopa kale, mawondo akunjenjemera, phazi likuponda molakwika pa mwala wosalala. Ndodo ziwiri zoyendera zimathandiza mawondo, ndipo zingwe za jombo muzimange molimba musanayambe kutsika kuti zala zisamagunde kutsogolo. Kumapeto kwa Juni dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, koma pakati pa Okutobala limalowa 7 koloko isanakwane. Tengani nthawi yolowa dzuwa, muchotsepo maola otsikira, muchotsenso ola limodzi la zosayembekezeka. Pakati pa Okutobala, pa Pilatus, yankho lake ndi cha m'ma 1:30 masana. Nthawi imeneyi muilembe pa mapu musananyamuke, muuzenso wina wotsala kunyumba, ndipo ikakwana mutembenuke pamene muli pomwepo.